Mutu 7: Dzina Limene Tasila Sanalitchule

1. Loweruka la ku Laurel

Loweruka lililonse Tasila Mussa ankanyamuka kwawo ku Hyattsville, m'dziko la America, nthawi ya 9 koloko m'mawa, gitala ili kumsana. Ankakwera sitima ya Green Line mpaka ku Greenbelt, kenako basi yopita ku Laurel. Ulendowu anauyamba mu Febuluwale 2022 ali ndi zaka 13. Pofika Malichi 2025 anali ndi zaka 16, ndipo anali atajomba kanayi kokha.

Mphunzitsi wake anali a Fryson Saulosi, bambo a zaka 72 a ku Dowa. Mu 1979 ansembe ena a ku Spain anawatumiza ku mzinda wa Jerez kuti akaphunzire kukonza mainjini. Anakhalako zaka zisanu ndi ziwiri. Umakaniko anauphunziradi, koma anabwerakonso ndi chinthu china chimene ansembe sanawatume: kaimbidwe ka gitala kotchedwa fulamenko.

Kuyambira 1992 mpaka 2019 a Saulosi ankayendetsa galimoto pa ofesi ya kazembe wina mu Washington. Mu 2021 anadwala sitiroko, ndipo dzanja lawo lamanzere linafa. Amene ankapita kukawasamalira kunyumba anali a Victoria, amayi ake a Tasila, poti imeneyo ndiyo inali ntchito yawo. Tsiku lina Tasila anatsatira amayi ake, n'kuona gitala yoyera itapachikidwa pakhoma. Zonse zinayambira pamenepo.

Ndi dzanja limodzi a Saulosi sakanatha kuimba okha. Choncho anapeza njira. Tasila ankagwira nsambo ndi dzanja lamanzere, iwo n'kumaziliza ndi chala chawo chachikulu chakumanja. Gitala imodzi, anthu awiri. Akaona kuti mwana wamva, ankabwerera pampando wawo n'kumagogoda tebulo ndi mfundo za zala.

Kugogodako kunali kuwerenga kompasi, muyeso umene nyimbo ya fulamenko imayendapo. Nyimbo imene Tasila ankaphunzira inali soleya, yoyenda pang'onopang'ono ngati anthu ochokera kumanda. Muyeso wake ndi kugunda 12, ndipo kugunda kwamphamvu kumagwera pa 3, pa 6, pa 8, pa 10 ndi pa 12.

Loweruka la pa 8 Malichi, Tasila atangoyamba kuimba, a Saulosi anamenya tebulo ndi chikhatho.

"Ima kaye. Wayamba bwanji pamenepa?"

"Ndayambira pa wani, agogo."

"Sindikufunsa nambala ine. Walowa m'nyumba ya eni ake popanda odi."

Tasila anapumira m'mwamba, n'kukhazikanso gitala pantchafu. "Iyi ndi ya a Anselmo," anatero.

"Eya. Tsopano lowa."

Umenewu unali mwambo wa m'nyumba imeneyo. M'fulamenko muli tizigawo tating'ono ta nyimbo timene woimba amapeka yekha n'kumatilowetsa pakati pa nyimbo yaikulu. Kachigawo kotere kamatchedwa faliseta. Mafaliseta onse asanu ndi anayi amene a Saulosi ankadziwa anawalandira kwa munthu mmodzi, a Anselmo Pardo, amene ankakhoma migolo ya vinyo ku Jerez. Ndipo lamulo linali limodzi: usanaimbe faliseta, tchula mwini wake.

2. Magulu awiri

Lachiwiri pa 11 Malichi, ataweruka kusukulu, Tasila anapita kwa Sean Chisanga. Sean anali ndi zaka 17, makolo ake anali a ku Lusaka, ndipo ankapemphera mpingo umodzi ndi a Victoria. Nayenso ankaimba fulamenko, koma yamakono. Anaiphunzira pa intaneti. Ankaimba atapingasa miyendo, gitala itagona chopingasa pantchafu, zala zikuthamanga moti maso ankalephera kuzitsata.

"Iwe, ona ichi," anatero Sean, akumupatsa foni. Chinyanja chake chinali cha ku Lusaka, chosakaniza ndi Chingerezi. "Manje uleke kukamba ati ulibe mwayi."

Bungwe lina la oimba gitala mu Washington linali litakonza mpikisano wa achinyamata pa 22 Malichi. Magulu anali awiri: la nyimbo zachikale, ndi la nyimbo yopeka wekha. Wopambana m'gulu lililonse adzapita ku Jerez mu Julaye kukaphunzira kwa masabata atatu. Mayina a olembetsa ankaoneka pa tsamba la bungwelo. Gulu lachikale linali ndi anthu 23. Gulu la opeka linali ndi anthu asanu.

"Ku vakale kuli bana ba ma Spanish, bamene banayamba kuliza bakali pa msana," anatero Sean. "Uzaluza. Ine sinikwanisa kungena, nizakwanisa eitini mu Epulo, bakana. Koma iwe ngena ku opeka."

"Ndilibe nyimbo yanga ine."

"Uli nayo. Liza ija ya chala chikulu, ija ya ba mudala bako."

Tasila anaimba faliseta yachisanu ndi chiwiri, imene imaimbidwa ndi chala chachikulu chokha pa nsambo zitatu zam'mwamba. Sean anatseka maso. Kenako anatenga gitala yake n'kuyamba kuyala makodi pansi pake, ndiko kuti mawu angapo olira pamodzi, onga amene amamveka m'nyimbo za jazi. Faliseta yakale ija inamveka ngati munthu amene wasamba n'kuvala zatsopano.

Anagwira ntchito masana atatu. Sean anamuonetsa magwiridwe atsopano a dzanja lamanzere. Tasila anapeka yekha chiyambi ndi mathero. Koma pakati pa nyimbo, pamene panali mtima wake, panakhala faliseta ya a Anselmo, yosasinthidwa ngakhale liwu limodzi.

Lachisanu pa 14 Malichi linali tsiku lomaliza kulembetsa. Pa fomu panali mzere wakuti "Wopeka nyimbo". Tasila anayang'ana Sean.

"Nindani azaziba?" anatero Sean. "Uja muntu anafa ise tikalibe kubadwa. Sali na pa YouTube."

Tasila analemba kuti: Tasila Mussa. Anatumiza nthawi ya 4:52 masana.

3. Chenjezo

Mawa lake ku Laurel, Tasila anawauza a Saulosi kuti walowa mpikisano. Za gulu sanatchule. Anapingasa miyendo monga amachitira Sean, akudikira kuti akalipiridwe.

"Msana ndi wako," anatero a Saulosi. "Imba."

"Iyi ndi ya a Anselmo," anatero Tasila mofulumira, n'kuimba nyimbo yatsopano ija yonse, makodi a Sean ali momwemo.

A Saulosi anagogoda tebulo kuyambira pachiyambi mpaka pamathero. Itatha anaseka mpaka kutsokomola.

"Bwereza paja walowa pa 10 paja! Wakupatsa ndani zimenezi?"

"Sean, mwana wa a Chisanga."

"Kamnyamata ka ndolo kaja? Kali ndi khutu. Ukakauze kuti ndatero ine."

"Ndimayesa mukwiya, agogo. Ndimayesa zamakono simuzifuna."

A Saulosi anakankhira kapu ya tiyi pambali ndi dzanja lawo lamoyo.

"Tamvera, mdzukulu wanga, chifukwa sindibwereza. Anthu amati achikale ndi amakono ndi adani. Amanama. Ine ndinali ku Jerez pamene zamakonozi zinkalowa. Anyamata anayamba kupingasa miyendo, kuthamangitsa zala, kubweretsa bokosi lija la ku Peru amalikhalira n'kumaliomba lija. Akuluakulu ena analavula malovu. A Anselmo anati, asiyeni, nafenso tinali amakono m'masiku athu.

"Kaimbidwe kachikale n'kouma. Mawu ndi ochepa, chala chachikulu ndicho chimalamula, ndipo liwu likalira limafa msanga kuti lisiyire malo linzake. Kanapangidwa kuti kaziperekeza munthu woimba ndi pakamwa. N'chifukwa chake ngakhale uli wekha pabwalo, uziimba ngati pambali pako pali munthu amene akupuma. Kamakono kali ndi mafuta. Mawu ndi ambiri, amatenga nthawi kuzima, amapita kutali n'kubwerera. Kachikale kamakuuza zoona mwachindunji. Kamakono kamakuuza zoona zomwezo mozungulira. Ukhale ndi makutu a zonse ziwiri.

"Koma pali zinthu ziwiri zimene wachikale ndi wamakono onse sataya. Choyamba ndi kompasi. Uike makodi a jazi, uike a kwaya ya kumpingo kwanu, zako zimenezo, bola pa 12 ubwere kunyumba. Chachiwiri ndi dzina.

"A Anselmo anabadwa mu 1911, anamwalira mu 1993. Sankadziwa kulemba. Sanajambulitsepo nyimbo, ngakhale pa kaseti. Pamene ankayamba kundiphunzitsa, mu 1980, munthu wakuda mumsewu wawo wonse ndinali ine ndekha. Anzawo anawadzudzula ine ndili pomwepo, poyesa kuti chinenero chawo sindikuchimva. Anati, Anselmo, ukupatsa mlendo chuma cha m'nyumba. Adzapita nacho kwawo, adzati n'chake. A Anselmo anandigwira phewa, nati, uyu adzanditchula kutali kumene mapazi anga sadzafikako.

"Mawu amenewo ndawasenza zaka 45. Ndinawatchula ku Lilongwe. Ndinawatchula m'galaja ya kazembe, ndikuimbira madalaivala anzanga podikira mabwana. Tsopano dzanja lafa, pakamwa panga pasanduka iwe. Ukakwera pamsana pa njobvu usamati kunja kulibe mame. Kaimbe zamakono zakozo, n'zokoma. Koma usanayambe, odi."

"Ndamva, agogo," anatero Tasila, maso ali pa nsambo.

4. Pa Massachusetts Avenue

Loweruka pa 22 Malichi a Victoria anasinthana shifiti ndi mnzawo kuti apezeke. Anakawatenga a Saulosi ku Laurel nthawi ya 11 koloko pa galimoto yawo ya Corolla. A Saulosi anali atavala suti yakuda imene ankavala pa ntchito, ndi tayi yofiira.

Atalowa mumsewu wa Massachusetts Avenue, mkuluyo anayamba kuloza nyumba za akazembe ndi mbendera zake.

"Apa ndinadikirapo maola asanu ndi limodzi m'chisanu. Apo alonda ake anali amwano. Victoria, khotera kumanja, kutsogoloku sungapeze poimika."

"Abambo, mapu a pafoni akuti tipitirire."

"Foniyo yayendetsa galimoto zaka zingati mumsewu uno?"

A Victoria anakhotera kumanja, ndipo malo anapezekadi.

Mpikisano unachitikira m'holo ya mipando 120. Pakhomo ankagawa pepala la pulogalamu. A Saulosi anali ataiwala magalasi awo owerengera, choncho analipinda n'kuliika m'thumba la jekete. Tasila anaona zimenezo, mtima n'kukhalako pansi.

Gulu lachikale linayamba 1 koloko. A Saulosi ankagogoda bondo lawo mwakachetechete, n'kumanong'oneza a Victoria. "Uyu ali ndi chala chabwino. Uyu akuthamangira basi. Uyu waba kugunda kumodzi, akuyesa sitinaone." Gululo litatha nthawi ya 3:10, anatembenuka.

"Nanga wathuyu amudumpha?"

"Akuti ali m'gulu lachiwiri," anayankha a Victoria.



Tasila anaitanidwa nthawi ya 3:40, wachinayi mwa asanu aja. Anakhala pampando, maikolofoni ili pafupi ndi pakamwa pake. Patsogolo pake panali oweruza atatu. Pamzere wachitatu panali amayi ake, Sean, ndi tayi yofiira ija. Kwa zaka zitatu pakamwa pake panazolowera mawu asanu asanaimbe. Milomo inatseguka yokha. Anaitseka, n'kuyamba kuimba.

Anaimba bwino kuposa tsiku lina lililonse. Chiyambi chake chinayenda mofatsa, makodi a Sean anatseguka ngati mazenera, ndipo chala chachikulu chitalowa pa faliseta ija, m'holo monse munati zii. Nyimbo inatha pa mphindi zinayi ndi masekondi 20. Anthu anaomba m'manja, a Victoria n'kuliza nthungululu moti azungu a mzere wakutsogolo anatembenuka.

Woweruza wapakati anali mayi wachikulire wochokera ku Spain. Anakweza dzanja kuti anthu akhale chete, n'kulankhula m'Chingerezi.

"Mwana wanga, chiyambi ndi mathero ndamva kuti n'za msinkhu wako. Koma pakati paja, pa chala chachikulu paja, pakumveka fungo lakale kwambiri. Kwathu timalemekeza zimenezi. Ngati unalandira kwa wina, palibe chochititsa manyazi, kungoti tikusamutsira ku gulu linalo. Wakupatsa ndani?"

Gulu linalo linali litatha kale, ndipo aliyense anali atamva mnyamata wina wa zaka 15 wa m'gululo amene analiza soleya mosaphonya. Tasila anayang'ana mzere wachitatu. A Saulosi anali atakweza chibwano, akumwetulira, ngati munthu amene akudikira kuti dzina la m'bale wake liitanidwe pa mwambo wa satifiketi.

"Palibe," anatero Tasila. "Ndinapeka ndekha."

"Yonse?"

"Yonse."

Mayiyo anamuyang'ana kwa kanthawi, kenako analemba pa pepala lake. Nthawi ya 4:30 analengeza zotsatira. M'gulu la opeka, wopambana anali Tasila Mussa wa ku Hyattsville. Sean anaimirira n'kuimba likhweru. A Victoria sanalizenso nthungululu. A Saulosi anaomba bondo lawo ndi dzanja lamanja katatu, poti m'manja sakanatha kuomba.

5. Ulendo wobwerera

Kuchokera ku Massachusetts Avenue kufika ku Laurel anayenda mphindi 50. Palibe amene analoza nyumba ya kazembe. A Saulosi anatulutsa pulogalamu ija, n'kuipereka kumpando wakumbuyo osatembenuka.

"Tandiwerengera pamene pali dzina lako. Maso angawa."

Tasila anawerenga ndi mawu otsika. "Soleya yatsopano. Wopeka ndi woimba, Tasila Mussa."

"Mapepala amenewa anasindikiza angati?"

"Kaya, agogo. Mwina handiredi ndi makumi awiri."

"Ndiye kuti sizinachitike mwangozi. Unalemba liti?"

"Pa 14."

"Ine n'kumakuuza za a Anselmo pa 15."

Galimoto itaima pa malo oimikapo a nyumba zawo, a Saulosi sanatsike msanga. Dzuwa linali lisanalowe, ana ena akusewera mpira pa kapinga.

"Waimba bwino," anatero. "Ndikunena zoona, chifukwa bodza lakwana la lero. Kompasi sunaphonye ngakhale kamodzi, ndinawerenga. Chiyambi chija n'chako, n'chabwino. Ukanati, chiyambi n'changa, makodi ndi a Sean, mtima wake ndi wa a Anselmo Pardo okhoma migolo, bwenzi utaluza ulendo wa ku Jerez. Zoona. Koma anthu 120 akanatuluka m'holo muja akudziwa kuti padziko pano panakhalapo munthu wotero. Mayi uja anakutsegulira chitseko ndi manja awiri. Ine ndinali nditakonzeka kale kuimirira.

"Sindikudandaula za ine. Ine ndine dalaivala, ndinazolowera kunyamula katundu wa eni ake n'kukamutula osatchulidwa. Chikundipweteka n'chakuti madoda aja a mumsewu uja ananena zoona. Anati mlendo adzapita nacho, adzati n'chake. Zaka 45 ndakhala ndikuwatsutsa. Lero apambana ali m'manda."

"Agogo, pepani. Ndimafuna kukaona kumene munaphunzira. Ndimati ndikafika kumeneko..."

"Ukafika kumeneko ukaimbe. A Anselmo anasiya mwana wamkazi ndi adzukulu asanu. Jerez si mzinda waukulu. Ukawaimbire nyimbo yako yopeka wekhayo."

A Victoria anatsika n'kuwatsegulira chitseko. Mkuluyo anaponda pansi, n'kutsamira ndodo.

"Loweruka usavutike kubwera. Sindikukuthamangitsa ayi. Kungoti mafaliseta anali asanu ndi anayi, ndakupatsa asanu ndi awiri. Awiri otsalawo si anga, ndiye sindingawapereke kwa munthu amene sabweza odi. Ndipita nawo."

A Victoria anawaperekeza mpaka pakhomo. Atabwerera anakhala pa chiwongolero osaliza injini.

"Tasi, ine za gitala sindizidziwa," anatero. "Koma chaka chathunthu ndinkawasambitsa bambo aja. Pamene lilime lawo linali lolemera, osatha kutchula dzina langa, dzina la mzungu ujalo ankalitchula. Ine ndimaliza nthungululu pamaso pa anthu, osadziwa kuti ndikululutira wakuba."

Tasila anayankha m'Chingerezi kuti aliyense amatengako kwa anzake, ndi mmene nyimbo zimakhalira.

"Ndiyankhe m'Chichewa," anatero amayi ake. "Unene zomwezo m'Chichewa, ndimve ngati zikumveka."



6. Mzere wapansi

Lolemba pa 24 Malichi kalata ya bungwe lija inafika pa imelo. Inali yomuyamikira, ndipo inatchula masiku a ulendo: kunyamuka pa 6 Julaye, kubwerera pa 27. Inanenanso kuti pa tsiku lomaliza la maphunzirowo, wopambana aliyense adzaimba nyimbo yake pamaso pa anthu a mu Jerez.

Pansi pake panali fomu ya tsamba limodzi. Wopambana m'gulu la opeka ankayenera kutsimikiza kuti nyimbo yonse ndi yake. Mizere yosainira inali iwiri. Wam'mwamba unali wa wophunzira. Wapansi unali wa mphunzitsi wake. Fomuyo inkafunika isanakwane 5 koloko masana Lachisanu pa 28 Malichi, apo ayi malowo apita kwa amene anakhala wachiwiri.

Tasila anamuonetsa Sean kusukulu pa nthawi ya nkhomaliro.

"Saina weka," anatero Sean. "Ba mudala balemba monga nkuku, nindani azaona?" Kenako anasiya kutafuna. "Koma iwe, ni zoona banakamba ati nili na kutu?"

"Anatero."

Sean anayang'ana mbale yake. "Sinenze kuziba ati bazabwela ku holo," anatero.

Lachiwiri Tasila anasindikiza fomuyo ku laibulale. Lachitatu anaiika pansi pa buku la masamu. Gitala sanaikhudze. Lachinayi ataweruka anapeza amayi ake atavala kale yunifolomu, makiyi ali m'manja.

"Ndili ndi wodwala ku Laurel 5 koloko," anatero a Victoria. "Ngati uli ndi zokachita kumeneko, kwera. Koma ine pakhomo paja sindikafika. Unalowa wekha, ukatuluke wekha."

Anafika nthawi ya 4:25. Tasila anakwera masitepe 14 amene ankawadziwa ngakhale atatsinzina. Gitala anaisiya kunyumba. M'dzanja lamanzere anali ndi fomu, mizere yonse iwiri ili yosalemba. M'dzanja lamanja anali ndi cholembera.

Asanagogode anamva phokoso m'katimo. Zinali mfundo za zala pa tebulo: kugunda 12, mphamvu pa 3, pa 6, pa 8, pa 10, pa 12. Kenako mawu a nkhalamba, olankhula m'chipinda mopanda munthu wina.

"Iyi ndi ya a Anselmo."

A Saulosi anayamba kung'ung'udza ndi pakamwa. Sinali imodzi mwa zisanu ndi ziwiri zija. Tasila anali asanaimvepo. Inkatsika pang'onopang'ono, n'kuima pamalo pamene iye sankayembekezera, n'kudzabwera kunyumba pa 12 ndendende. Dzanja lake lamanzere linayamba kufunafuna nsambo pa pepala lija, mpaka fomu inakwinyika.

Anadikira kuti ithe. Kenako anati, "Odi."

Kugogoda kunaleka. Mpando unakhwekhwerezeka pansi, ndodo inagunda kawiri, ndipo mawu anamveka pafupi ndi chitseko, koma loko sanatembenuke.

"Odi ndamumva," anatero a Saulosi. "Wabwera ndi dzina la yani?"